ZOCEZA ZA MLANGIZI: ULENDO WA KU MUA

Sabata ino khasu ndayamba ndalipacika. Munazolowera kuti pa tsamba lino timaceza za mizere ndi manyowa, koma lero mundilole ndikusimbireni za ulendo umene ndinayenda ndi atsibweni anga kunka ku Mishoni ya Mua, m'boma la Dedza, kukaona chalichi ca Akatolika, zosemasema, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndiyesa kuti nkhaniyi ikhudza midzi yambiri, si wathu wokha ai.

CIMENE CINATIYENDETSA

Caka catha agogo athu akazi anatisiya. Iwo anabatizidwa atakalamba kale, cotero alongo anga ndi akristu anzao anati maliro ayendetsa ndi a chalichi. Atsibweni, amene ndiwo eni mbumba ndiponso munthu wamkuru ku dambwe, anati amai ao sangapite ku manda popanda ng'oma. Anakangana usiku wonse pa siwa. Kutaca akristu anaimba nyimbo zao nanyamula maliro, ndipo atsibweni anatsala pansi pa mtengo wa mango osalankhula ndi munthu. Kuyambira tsiku lomwelo analumbira kuti phazi lao silidzaponda m'chalichi.

Tsopano mlongo wanga wamng'ono wapeza mwamuna, ndipo afuna ukwati wa pa chalichi. Inu mudziwa kuti ukwati wopanda nkhoswe ndi cibwenzi cabe, ndipo nkhoswe yathu ndi atsibweni omwewo. Ine ndinasowa pogwira. Ndiri wa mpingo wina, ku dambwenso ndinaleka kupita ndiri mnyamata, cotero mau anga sanali kulemera ku mbali iri yonse. Mnzanga wina wa ku nchito ndiye anandiuza kuti, "Musalimbane nao ndi pakamwa. Pitani nao ku Mua akadzionere okha." Atsibweni anabvomera ulendowo cifukwa ndinawauza kuti pobwerera tidzagula nsomba za ku nyanja. Sindinawanamize ai, koma ndibvomera kuti nsomba ndizo ndinayamba kuchula.

NJIRA YACE

Tinanyamuka pa Dedza m'mamawa, ndi kutsika mseu wokhotakhota uja wochedwa Khwekhwerere kufikira pa Golomoti. Pamenepo tinalowa mseu wa ku Salima kuloza kumpoto, ndipo tisanafike pa Mtakataka tinapatukira kamseu ka kumadzulo kolowera m'tsinde mwa mapiri. A ku Lilongwe akhoza kudzera ku Salima. Ife a ku mapiri tinacoka titabvala majekete, koma pofika ku cigwa, kumene kuli malambe, thukuta linali kamukamu. Dziko limeneli ndi la Inkosi Kacindamoto, ndipo Angoni, Acewa ndi Ayao akhala moyandikana kumeneko kuyambira kale.

Titalipira ndalama ya pa khomo anatipatsa mnyamata wotiperekeza, munthu wofatsa ndi waulemu. Anapatsa moni atsibweni ndi manja awiri, nati, "Agogo, tiyenda monga mwa miyendo yanu. Pamene mwatopa munene."

MBIRI YA MALOWO

Tisanalowe m'nyumba iri yonse mnyamatayo anatikhazika pa mthunzi natifotokozera ciyambi ca mishoniyo. Anaiyamba ndi ansembe a White Fathers, ochedwa cotero cifukwa ca mikanjo yao yoyera. Cipani cao anacikhazikitsa ndi Charles Lavigerie, bishopu wamkuru wa ku Algiers, mu 1868. Ansembewa anafika kwa Mponda, kufupi ndi kumene Shire aturukira m'nyanja, mu 1889, koma matenda ndi cipwirikiti ca masiku amenewo zinawabvuta, nacoka mu 1891. Mu 1901 ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Nzama ku Ncheu, ndipo mu 1902 a White Fathers anabweranso, ndi kukhazika Mua. Ndiye kuti malowa apitirira zaka 120. Nyumba zakale za njerwa zofiira, za makonde atali, zikalipo, ndipo pafupi pali cipatala ndi sukulu ya ana osamva. Kale panalinso mudzi wosamaliramo odwala khate.

Cimene ndinakondwera naco nciakuti mnyamatayo sanabise za mkangano. Anati m'zaka za 1920 ndi m'tsogolo mwace ansembe ndi eni gule anadana kwambiri. Ansembe anafuna ana ku sukulu, akuru a mudzi anafuna anyamata ku dambwe. Wophunzira za ubatizo analetsedwa kuyandikira ng'oma, ndipo milandu ina inakafika ku Boma. Atsibweni pomva izi anati, "Ea, nanga si zomwezo." Amenewo ndiwo mau oyamba amene analankhula cifikire.

M'CHALICHI

Pofika pa khomo la chalichi atsibweni anaima nji. Ine mtima unagunda, poopa kuti mnyamatayo awaumiriza, koma iye anangoti, "Agogo, khalani apa pali kamphepo. Citseko ndicisiya cotsegula." Tsono ndinalowa ndekha ndi iye.

Pa khomo anabviika zala m'madzi odalitsidwa, nalemba cizindikiro ca mtanda, nagwada bondo limodzi. Anandiuza kuti mlendo wa mpingo wina sakakamizidwa kucita zimenezo, cofunika ndi kubvula cipewa ndi kutsitsa mau. M'katimo ndinapeza zosema za mtengo ndi zithunzi zojambula, ndipo nkhope zace zinali nkhope za kwathu konkuno: mphuno zathu, milomo yathu, tsitsi lathu. Ambiri a ife tinakula tiri kuona zithunzi zocokera ku Ulaya, za anthu oyera a tsitsi lalitali, mpaka mwana amayesa kuti kumwamba kulibe munthu wakuda. Kuona nkhani za m'Buku Loyera zitabvala cikopa cathu kunandiimitsa nthawi yaitali.

Anandisonyeza Njira ya Mtanda, imene ipezeka m'machalichi a Akatolika ponse ponse. Ndi zithunzi 14 zondandalika m'zipupa, kuyambira pamene Pilato aweruza Yesu kufikira pamene amuika m'manda. Mwa izo zitatu zisonyeza Yesu atagwa ndi mtanda, cina akomana ndi amai ace, cina Simoni wa ku Kurene amthandiza kusenza. Akristu amayenda kuima pa ciri conse ndi kupemphera, makamaka masiku 40 a Lenti Pasaka asanafike. Anandisonyezanso kabokosi ka kutsogolo kochedwa tabernakulo, mosungira mkate wopatulika, ndi nyali yosazima yoyaka pambali pace.

Safunsa anadya phula, cotero ndinafunsa cimene ambiri a mipingo yathu amanong'ona. Ndinati, "Acimwene, kodi amenewa si mafano?" Iye sanakwiye. Anati, "Bambo, kodi m'nyumba mwanu mulibe cithunzi ca malemu wina?" Ndinati cirimo, ca agogo athu. Anati, "Mukaciyang'ana misozi nkulengeza, kodi mulirira pepala?" Anaonjeza kuti funsoli si la lero, pakuti cha m'ma 600 Papa Gregory analembera bishopu wina amene anali kuswa zithunzi, kumuuza kuti zisapembedzedwe koma zisaonongedwenso, cifukwa ndizo buku la anthu osadziwa kuwerenga. Ine sindinasinthe mpingo cifukwa ca yankho limenelo, koma ndinamva kuti eni ace amati ciani, ndipo ndi bwino kumva kwa eni ace kusiyana ndi kumva za m'maluwa.

Nanga nkhope zakudazo zinayamba bwanji? Anati pa msonkhano waukuru wa mabishopu a dziko lonse umene unacitika ku Vatican kuyambira 1962 kufikira 1965, anagwirizana kuti Misa ikhoza kucitika m'zinenero za anthu m'malo mwa Cilatini cokha, ndi kuti luso ndi miyambo yabwino ya mitundu yonse zipatsidwe malo m'chalichi. Kucokera pamenepo ng'oma zinayamba kulowa m'nyumba zimene kale zinaletsedwamo.

Poturuka ndinapeza atsibweni atasendera pa citseko penipeni, khosi litasuzumira m'kati, koma mapazi ali kunja. Anandifunsa za kabokosi kaja. Nditawauza kuti ndi mosungira mkate, anati, "Ndiye kuti ndi nkhokwe yao imeneyo."

NYUMBA YA CHAMARE

Kucoka apo tinapita ku nyumba yosungiramo zakale yochedwa Chamare. Dzinali ndi la wansembe wa ku France, Jean-Baptiste Champmartin, amene anakhala pa Mua zaka zambiri ndipo anali mmisiri wa matabwa. Anthu polephera kuchula dzina lace anangoti Chamare. Zipupa zakunja za nyumbayi nzojambulidwa mbiri ya dziko lathu, ndipo munthu akhoza kuzungulira ndi kuwerenga mbiriyo ndi maso okha.

Mnyamatayo anayamba nthano ya Kaphirintiwa, imene amisiri a pa Mua akonda kuisema ndi kuijambula. Ananena kuti Cauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse pamodzi ndi mvula yoyamba, naponda pa thanthwe likali lofewa. Asanapite patali atsibweni anamdula, nati, "Waiwala khasu, mtondo ndi licero. Anatsika nazo." Kuyambira pamenepo nthanoyo anaimaliza ndi iwo: m'mene munthu anapekera moto, chire ndi kupsya, nyama ndi kuthawa, ndipo Cauta nakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Alendo ena amene anali pafupi anasendera kudzamva. Ndinaona kuti nkhope ya mkuruyo yamasuka.

M'nyumbamo muli zipinda zitatu. Coyamba cifotokoza za mishoni ndi kukomana kwace ndi anthu a dziko lino. Cacitatu ndi ca Angoni ndi Ayao, zishango, mikondo, zobvala ndi miyambo ya cinamwali. Koma cipinda capakati ndico cinatigwedeza, pakuti m'menemo muli nkhope za Gule Wamkuru zoposa 400, kuyambira pansi kufikira ku denga.

Atsibweni atalowa anaima ciriri. Kenaka anatembenuka maso ali psuu, nafunsa mnyamatayo ndi mau onjenjemera, "Iwe mwana, anakulolani ndani kuturutsa zimenezi poyera?" Ine ndinati ulendo wathera pompa. Mnyamatayo anayankha mofatsa. Anati amene anasonkhanitsa zimenezi ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, amene anafika m'dziko muno mu 1967. Anaphunzira cinenero cathu, anapatsidwa mfunda wa Chisale, ndipo anagula njira monga acita mwana ali yense wa Acewa. Zaka zambiri anakhala pansi ndi akuru a madambwe, kulemba maina, nyimbo ndi mwambo wa cirombo ciri conse, poona kuti nkhalamba zikutha ndipo nzeru zao zikupita nazo ku manda. Zina mwa zimenezi anazisindikiza mu 2012 m'buku lochedwa When Animals Sing and Spirits Dance.

Atsibweni sanakhutire msanga. Anamponyera mnyamatayo mau awiri atatu a ku dambwe, amene sindingawalembe m'nyuzipepala, ndipo iye anayankha bwino lomwe. Apo mkuruyo anatsitsa mapewa, nayamba kuyenda pang'ono pang'ono m'cipindamo. Anazindikira Cadzunda, tate wa zirombo zonse. Anaseka poona Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsya ndi dzuwa, ndi Maliya, zirombo zimene eni gule anazipanga poona anthu a mishoni ndi ziphunzitso zao. Taganizani inu: zimene zinapangidwa masiku a udani, lero azisunga ndi ansembe omwewo, ndi kuzipukuta pfumbi. Anachulanso zirombo zina zimene anaziona ali mnyamata koma kwathu zinaleka kuturuka. Mnyamatayo anatiuzanso kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linawerengera Gule Wamkuru wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique pakati pa cuma ca mtengo wapatali ca anthu a dziko lonse.

Pomaliza anafika pa Kasiyamaliro, cinyama cija cimaperekeza mzimu wa womwalira. Anaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenaka anati, osayang'ana munthu, "Ameneyu ndiye akadaperekeza amai." Pamenepo ndipo ndinazindikira kuti caka conse cija mkuruyu sanali kulimbira ufumu kapena kufuna kupambana alongo anga. Anali kudandaula kuti amai ace anapita okha, popanda wowaperekeza. Ndinawauza kuti, "Atsibweni, akristu aja anaimba usiku wonse ndi njira yonse ya ku manda. Naonso anali kuperekeza." Sanayankhe, ndipo mnyamatayo anacita nzeru, sanaonjezepo kanthu.

AMISIRI OSEMA

Titaturuka tinapita kumene amisiri amagwirira nchito. Malo amenewa, ochedwa KuNgoni, anawayamba ndi Bambo Boucher omwewo mu 1976, pofuna kuphunzitsa anthu a m'midzi yozungulira luso la kusema kuti adzipezere ndalama ndi manja ao. Zida zao si zacilendo ai: nkhwangwa, kasemasema, chizulo ndi mpeni. Tinaona mitanda, zithunzi za kubadwa kwa Yesu, ndi Maria wonga mai wa pa mudzi ndi khanda lace, pamodzi ndi zosema za moyo wa masiku onse, amai osinja ndi abambo opalasa bwato. Nchito za amisiri a pa Mua ziri m'machalichi ambiri m'dziko muno, zina zinafika ku Vatican, ndipo ku Munich, m'dziko la Germany, kuli kachalichi ka bungwe la Missio kokongoletsedwa ndi manja ao.

Pano mundilole ndibwerere ku nchito yanga pang'ono. Ndinafunsa mmisiri wina cimene cimambvuta, ndipo sanachule msika kapena zida, anachula mitengo. Mlombwa, mbawa ndi phingo sizikula ngati bulugama. Mlombwa umene mungausiye m'munda lero adzausema ndi adzukulu anu. Tikapitiriza kutentha chire cifukwa ca mbewa ndi kugwetsa mtengo uli wonse kuocha makala, mmisiri wa mawa adzasowa posema mtanda, ndipo wa ku dambwe adzasowa posema ng'oma. Pa nkhani imeneyi mkristu ndi mwini gule ali m'bwato limodzi.

MALANGIZO KWA OFUNA KUPITA

Ngati mpingo wanu, sukulu kapena kalabu ya alimi ifuna kukaona malo otere, kaya ndi ku Mua, kaya ku mishoni zina zakale monga Nzama, Bembeke ndi Likuni, kumbukirani izi:

1. Tumizani mau pasadakhale, makamaka mukakhala ambiri, kuti akukonzereni wokuperekezani. Mufunsiretu za ndalama ya pa khomo.

2. Musakane wokuperekezani pofuna kusunga ndalama. Popanda iye ine ndikadangoona mitengo yosema ndi kubwerera monga ndinapitira.

3. Chalichi ndi nyumba ya mapemphero, si msika. Abambo bvulani zipewa, nonse bvalani modzilemekeza, ndipo mukapeza Misa iri m'kati dikirani ithe, kapena khalani kumbuyo mwacete.

4. Musagwiregwire zosema ndi zithunzi. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa mtengo ndi utoto. Musajambule cithunzi musanapemphe.

5. Pitani ndi nkhalamba za m'mudzi mwanu. Zimene wokuperekezani adziwa za m'mabuku, izo zidziwa za m'maso, ndipo zikakomana ziwirizi ana amapindula.

6. Musathamange. Kuona maso a nkhono nkudekha. Patulani tsiku lathunthu.

POBWERERA

Dzuwa litapendeka tinadzeranso pa chalichi potsata njira ya ku mseu. Atsibweni anati ndiwadikire. Anabvula cipewa, napukuta mapazi, nalowa mpaka pa benchi lakumbuyo. Sanagwade, sanapemphere, anangokhala ndi kuyang'ana kutsogolo kanthawi, naturuka.

Musayese kuti zonse zinatha pamenepo ai. M'basi anandiuza kuti mtima wao sunakondwere kuti akazi ndi ana osameta aziona za m'cipinda capakati cija, ndipo anati adzanena zimenezi kwa anzao a ku dambwe. Ine sindinawatsutse, pakuti funso limenelo ndi lao eni mwambo, ndipo si lopepuka. Koma titayandikira pa Golomoti, nsomba ziri pa miyendo, anandifunsa kuti, "Mphwanga, ukwati wa mwana uja mwati ndi liti?" Ndinati mwezi wa mawa. Anati, "Umuuze mlamu wakoyo atumize ankhoswe ace kwa ine. Benchi lakumbuyo lija ndaliyesa, silipweteka."

Alongo anga nditawafotokozera za Kasiyamaliro, wamkuru analira, ndipo Loweruka lapitali anapita yekha ndi nkhuku kwa atsibweni. Zimene anakambirana ndi zao.

Ndidziwa kuti m'midzi yambiri muli mabanja amene salowerana m'nyumba cifukwa ca maliro a caka cakuti. Kwa otere nditi, ulendo wa tsiku limodzi suthetsa mlandu, koma umapatsa anthu poyambira kulankhula. Sabata ya mawa khasu tilitsitsanso, ndipo tidzaceza za kasungidwe ka cimanga m'nkhokwe kuti anankafumbwe asatilande.

Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
MLANGIZI